Ana a ku Dedza ndi mowa: mafunso ndi mayankho

Funso: Kuno kumazizira koopsa mu June ndi July. Kodi katoti ka kachasu sikamutenthetsa mnyamata wolawirira kukasenza matumba a mbatatesi pa Bembeke?

Yankho: Ayi ndithu. Mowa umatanula timitsempha ta pakhungu, magazi ofunda n'kuthamangira komweko. Munthu amamva kutentha kumaso ndi m'manja pamene thupi likuzizira m'kati. Mnyamata akaledzera n'kugona m'ngalande usiku wa chisanu, angathe kufera pomwepo osamvako kuzizira.

Funso: Akuluakulu amamwa, nanga wa zaka 15 walakwanji?

Yankho: Ubongo umapitiriza kukhwima mpaka munthu atapyola zaka 20, ndipo mbali yomalizira ndi yapamphumi, yothandiza kudziletsa ndi kuganizira za mawa. Mowa umafika ntchitoyi ili m'kati. Umasokonezanso kusunga zinthu m'mutu, moti mwana wa Fomu 2 amene amwa Loweruka lililonse amayamba kutsalira m'kalasi, kenaka kujomba, mapeto ake kusiyiratu sukulu. Amene ayamba ali wamng'ono ndiye amavutika kwambiri kuuleka akakula. Palinso zobwera tsiku lomwelo: ndewu, ngozi ya njinga yamoto pa msewu wa M1, kugonana mosadziteteza kumene kumabweretsa mimba ndi HIV.

Funso: Lamulo likuti chiyani?

Yankho: Limaletsa kugulitsa mowa kwa munthu wosakwana zaka 18. Mu 2015 boma linaletsanso mowa wa m'masacheti, umene ana ankaubisa m'thumba la yunifolomu. Koma unabwereranso m'timabotolo totchipa ta midoli, ndipo kachasu akutchezedwabe m'midzi popanda woyeza ukali wake. Mowa wosayezedwa nthawi zina umakhala ndi methanol, poizoni amene amachititsa khungu ngakhale kupha kumene.

Funso: Ndiye mlandu ndi wa yani?

Yankho: Ndi wathu akuluakulu, ndipo izi zimandiwawa. Mwana satcheza yekha kachasu. Ndife timamutuma ndi botolo kukagula, ndife timamusiya pakhomo kuti azithirira makasitomala, ndife timalipira ganyu wa kumunda ndi chipanda cha masese. Makolo, lekani kutuma ana kumowa. Mafumu a ku Linthipe, Lobi ndi Mayani, wogulitsa mowa kwa mwana muitaneni kubwalo.