Mwana wokonda mabuku ndi mwana wa autism: tingawasiyanitse bwanji?



Pasukulu iliyonse sipalephera kupezeka wophunzira amene anzake amamutcha "Pulofesa". Ndi uja amakhala mulaibulale anzake ali kubwalo la mpira, ndipo akayamba kufotokoza za kompyuta salekeza. Achinyamata amamutchulanso ndi mawu achingelezi akuti nerd. Masiku ano mawu enanso alowa pakamwa pa ophunzira: wina akachita zachilendo pang'ono, anzake amati "ameneyu ndi wa autism." Kusokoneza zinthu ziwirizi kumapweteka mbali zonse. Mwana wongokonda maphunziro amapatsidwa dzina lomwe si lake, pomwe mwana amene alidi ndi autism amakalipiridwa kuti ndi wamwano kapena wodzimva, osalandira thandizo lomwe akufunika.

Autism si misala ndipo sipatsirana. Ndi mmene ubongo wa munthu unakulira kuyambira ali wakhanda, ndipo amakhala choncho moyo wake wonse. Dokotala Leo Kanner wa ku Baltimore, m'dziko la America, ndi amene anayifotokoza mwatsatanetsatane mu 1943 atapima ana 11. Mu 1944, Hans Asperger wa ku Vienna analemba za ana ena amene ankayankhula bwino, ena mwa iwo anzeru kwambiri, koma ankavutika kucheza ndi anzawo. Kwa zaka zambiri gulu lachiwirili linkatchedwa ndi dzina la Asperger, koma kuyambira mu 2013 buku lomwe madokotala a ku America amatsatira linaphatikiza magulu onsewa pansi pa dzina limodzi la autism. Mu 2023 bungwe la WHO linanena kuti pafupifupi mwana mmodzi pa ana 100 alionse ali ndi autism. Izi zikutanthauza kuti pasukulu ya ophunzira mazana angapo, n'kutheka kuti alipo.

Chimene chimasokoneza anthu n'chakuti ana onse awiriwa amatha kukonda chinthu chimodzi ndi mtima wonse. Kusiyana kwawo kumaonekera pa zinthu zina zozungulira chikondi chimenecho.

Choyamba ndi kucheza ndi anthu. Tiyerekeze anyamata awiri a Fomu 3 amene amakonda za ndege. Woyamba akamafotokoza, n'kuona mnzake wayamba kuyasamula, amazindikira kuti wamutopetsa ndipo amasintha nkhani. Wachiwiri amapitirizabe, chifukwa ubongo wake suwerenga msanga nkhope, kamvekedwe ka mawu ndi zizindikiro zina zimene anthu ambiri amazimva osaphunzitsidwa. Mnzakeyo amamukonda ndithu, kungoti sanaone chizindikiro chija. Chimodzimodzinso ndi mawu okuluwika. Aphunzitsi akauza wochedwa kuti "lero walawiratu," mwana wokonda mabuku amadziwa kuti akudzudzulidwa. Mwana wa autism angayankhe moona mtima kuti, "Ayi aphunzitsi, ndachedwa ndi mphindi 20," kalasi yonse n'kuseka, iye osadziwa chalakwika.

Chachiwiri ndi kusintha kwa ndondomeko. Phunziro la masamu likasinthidwa mwadzidzidzi, wokonda mabuku amadandaula pang'ono n'kuiwala. Kwa mwana wa autism, kusintha kotere, kapena kupeza wina atakhala pamalo pake, kungamubweretsere mantha aakulu mpaka kulira, kukuwa kapena kungoti zii osayankhula tsiku lonse. Amatero chifukwa mutu wamudzadzira, ndipo kumukalipira kumangowonjezera vutolo.

Chachitatu ndi mmene thupi limamvera zinthu. Belu, phokoso la muholo, zokuzira mawu, kuwala kwambiri, nsalu yokanda kapena kukhudzana mapewa pamzere, zonsezi zimatha kumupweteka mwana wa autism pomwe ena sakumva kanthu. Ena amatseka makutu, ena amagwedeza thupi kapena kukupiza manja kuti mtima ukhale pansi. Kukonda sayansi pakokha sikubweretsa zimenezi.

Chachinayi ndi nthawi imene zinayambira. Munthu angayambe kukonda mabuku ali mu Sitandade 7 chifukwa cha mphunzitsi wabwino. Autism imayamba ali wamng'ono, ngakhale kuti ena amadzazindikirika atakula. Makolo angakumbukire: kodi mwanayu ankacheuka akaitanidwa dzina ali ndi chaka chimodzi? Kodi ankaloza chinthu ndi chala kuti amayi ake achionenso? Kodi ankachita nawo masanje, kapena ankangondandalika zitsekerero za mabotolo payekha? Ena amachedwa kuyankhula, koma si onse.

Pomaliza, madokotala amafunsa ngati zimenezi zikumulepheretsa munthu pa moyo wa tsiku ndi tsiku. Mwana wokonda mabuku amasankha yekha kukhala mulaibulale, ndipo akapeza anzake okonda zomwezo amacheza mpaka usiku. Mwana wa autism nthawi zambiri amafuna anzake koma sadziwa poyambira, ndipo amabwerera kunyumba atatheratu mphamvu.

Pali zinthu zitatu zofunika kusamala nazo. Mabuku ambiri a kunja amati kusayang'ana munthu m'maso ndi chizindikiro cha autism, koma kwathu kuno mwana woleredwa bwino amayang'ana pansi polankhula ndi akulu, choncho chimenechi pachokha sichitiuza kanthu. Atsikana nawo amazindikirika mochepa poyerekeza ndi anyamata, mwa zina chifukwa ambiri amaphunzira kutsanzira anzawo n'kubisa mavuto awo, ndipo ife timangoti ndi aulemu. Komanso munthu akhoza kukhala zonse ziwiri. Temple Grandin wa ku America sanayankhule mpaka atapitirira zaka zitatu, koma anadzakhala pulofesa wa za ziweto ku Colorado State University, ndipo makola ndi njira zoyendetsera ng'ombe zimene anajambula zimagwiritsidwa ntchito m'malo ambiri ophera nyama m'dzikolo. Izi zisatipangitse kuganiza kuti aliyense wa autism ndi katswiri. Ena amavutika ndi maphunziro, ena sayankhula konse ndipo amafunika chisamaliro moyo wawo wonse.

Za chiyambi chake, kafukufuku amaonetsa kuti mbali yaikulu ndi yakumtundu. Sichilango, si kulodzedwa, si majini, ndiponso si kulera molakwika. Katemera nayenso sayambitsa autism. Nkhani imene inafalitsa mantha amenewa inalembedwa ndi Andrew Wakefield mu 1998, koma magazini ya madokotala ya The Lancet inaichotsa mu 2010 itapezeka kuti inali yosaona, ndipo iye anachotsedwa m'kaundula wa madokotala ku Britain. Palibe mankhwala, a kuchipatala kapena azitsamba, ochotsa autism. Chimene chimathandiza ndi kumuzindikira mwanayo msanga ndi kumuphunzitsa m'njira yomuyenera.

Ophunzira, lekani kugwiritsa ntchito mawu akuti autism potonza mnzanu, ndipo musadziyeze nokha ndi mafunso a pa TikTok kapena Facebook. Autism siyezedwa ndi magazi. Katswiri amafunsa makolo mbiri ya mwana kuyambira ukhanda ndi kumuyang'anitsitsa mmene amachitira zinthu. Makolo amene mukukayikira, lembani zimene mwaona, kambiranani ndi mphunzitsi wa kalasi, kenako pitani kuchipatala cha boma lanu, komwe angakutumizeni kwa akatswiri a m'zipatala zazikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre kapena Kamuzu Central ku Lilongwe. Ife aphunzitsi tiziuza ophunzira nthawi ilipo ngati ndondomeko isintha, ndipo tizipereka malangizo m'mawu olunjika. A komiti ya mzikiti angathandize polola mwana wovutika ndi phokoso kuima kumapeto kwa mzere, pafupi ndi khomo ndi kutali ndi zokuzira mawu, komanso pokumbutsa akuluakulu kuti asamukalipire akamagwedeza thupi.

Tsiku la 2 April chaka chilichonse linakhazikitsidwa ndi bungwe la United Nations mu 2007 kuti anthu adziwe za autism. Kholo lililonse lofuna kukambirana za mwana wake lisadikire tsikulo: bwerani kuofesi ya mphunzitsi wamkulu, ndipo zokambiranazo zidzasungidwa mwachinsinsi.