Galimoto Ikayamba Kulira ku East Bank

Lero tawoloka Shire. Tili kwa Mfumu Yaikulu Mlolo m'boma la Nsanje, dera lomwe ambiri amangoti ku East Bank. Kuno ndiye ku Muona, ku Fatima komwe kuli chipatala cha Trinity, mpaka ku Makhanga, kufupi ndi pomwe Ruo amathira mu Shire.

Kale sitima yochokera ku Limbe inkadutsa kuno, n'kuwoloka pa Chiromo kupita ku Bangula. Mu 1997 madzi adakokolola njira imeneyo pamodzi ndi msewu. Oyenda pansi adayamba kudalira mabwato, pamene a galimoto adatsala ndi njira zozungulira: kulowera pa Thabwa ku Chikwawa n'kumalambalala m'tsinde mwa mapiri a Thyolo, apo ayi kutsetsereka kuchokera ku Thekerani. Madzi osefukira a mu Januwale 2015 ndi namondwe wa Freddy mu Malichi 2023 adangowonjezera mchenga ndi zigwembe. N'chifukwa chake zipatala ndi mabungwe amakonda Land Cruiser, yokoka ndi mateyala onse anayi. Zambiri mwa izo zili ndi injini ya dizilo ya 1HZ, ya malita 4.2 ndi masilinda 6, yomwe Toyota idayamba kupanga mu 1990.

Injiniyi ndi yopirira, koma tsiku limakwana, pansi pa boneti n'kuyamba kumveka wiii, ngati nyenje ya m'chilimwe. Makaniko wodziwa ntchito sathamangira sipanala. Amayamba wafunsa: kodi adalaivala, imalira mukaponda mafuta ili chiimire, kapena pokhapokha ikamathamanga? Yankho lake ndilo limamuuza koyambira.

Kulirako kukamakwera pamodzi ndi injini galimoto isakuyenda, kawirikawiri vuto limakhala kutsogolo: lamba wa fani, bering'i ya olteneta, kapena pampu ya madzi. Makaniko amatenga sikuludalaiva yaitali, nsonga n'kugunditsa pa olteneta, chogwirira n'kutsamiza kukhutu, uku akusamala kuti fani isamukole malaya. Bering'i yomwe yamwa madzi amchenga imamveka kukhadzula. Akakayikabe amachotsa lamba n'kuliza injini kanthawi kochepa chabe, poti ikhoza kutentha. Ikakhala zii, ndiye kuti cholakwa ndi chimodzi mwa zomwe lambayo amazunguza. Kulira kokula pokhotetsa chiwongolero kumasonyeza kuti mafuta a chiwongolero achepa. Ndipo wina akakuuzani kuti ndi turbo, gwirani thumba lanu: 1HZ idatuluka kufakitale yopanda turbo.

Nkhani imakula kulirako kukamatsata liwiro la galimoto. Pamenepo injini ilibe mlandu, ngakhale khutu la dalaivala limailoza. Difu yodyeka imalira mukaponda mafuta, n'kusintha mawu mukachotsa phazi. Phokoso lomveka giya ili pa fili, lomwe limatha mukaponda kilatchi, likuchokera m'giyabokosi. Loyamba mukangoponda kilatchiyo ndi la bering'i yake.

Nanga madzi amalowa bwanji mu difu, zitsulo zili chitsekere? Galimoto yayenda mtunda wautali kukutentha kwa kuno kuchigwa, difu yatentha juu, kenaka ilowa mumtsinje. Chitsulo chikazizira mwadzidzidzi, mpweya wam'kati umafwapa, ndipo difu imayamwa madzi kudzera pa kabowo kopumira ndi m'masilo otha. Oilo wosakanikirana ndi madzi amatuwa, amachita thovu, ndipo mano a magiya amayamba kudyana. Kulira kumadzamveka patapita masabata, dalaivala ataiwala kale za mtsinje uja. Pofika apo oilo watsopano sachiza, pamafunika zitsulo, ndipo kawirikawiri zitsulozo mpaka ku Blantyre.

Choncho adalaivala, mukawoloka Thangadzi kapena mtsinje wina uliwonse madzi atafika m'maekiselo, musadikire kuti galimoto ilire. Mawa lake m'mawa lowani kunsi, masulani bawuti ya difu zonse ziwiri ndi ya giyabokosi, muone mtundu wa oilo. Akakhala wotuwa, khuthulani tsiku lomwelo.