Kusankha njinga yoyamba ya mpikisano m'misewu ya Chileka ndi Lirangwe

Njinga ya mpikisano imasiyana kwambiri ndi njinga zimene zimadzaza msika wa Lunzu kapena siteji ya kabaza pa Lirangwe. Njinga ya kabaza, kapena ya Buffalo yonyamulira matumba a makala, anaipanga kuti ipirire katundu, n'chifukwa chake imalemera makilogalamu oposa 20 ndipo zambiri zimakhala za giya imodzi. Ya mpikisano ilibe kaliyala, matayala ake ndi opyapyala, mahandulo ake ndi opindikira pansi kuti wopalasa aziwerama n'kumadula mphepo, ndipo magiya ake amayambira pa 16 kupita m'mwamba. Yoyambira imalemera makilogalamu 9 mpaka 11. Za akatswiri zimapepuka kuposa apo, koma bungwe loyendetsa masewerowa padziko lonse la UCI sililola njinga yosakwana makilogalamu 6.8 pa mpikisano.

Masewerowa si achilendo kuno. Mu 1984 dziko la Malawi linatumiza opalasa njinga ku Olympics mumzinda wa Los Angeles, ndipo ena mwa iwo anali Amadu Yusufu ndi Dyton Chimwaza. Mu Africa muno, Biniam Girmay wa ku Eritrea anapambana jezi yobiriwira pa Tour de France ya 2024, ndipo mu 2025 mpikisano wa njinga wa dziko lonse lapansi unachitikira ku Kigali, m'dziko la Rwanda. Palinso triathlon, mpikisano wa masewero atatu otsatizana osapumira: kusambira makilomita 1.5, kupalasa makilomita 40 ndi kuthamanga makilomita 10 pa mtunda wa Olympics, kapena theka la mitunda imeneyi pa mpikisano waufupi. Nthawi yambiri pa triathlon imathera pa njinga. Achinyamata a ku Chileka ndi Lirangwe, amene amakula akukwera zitunda atanyamula katundu, miyendo ali nayo kale. Chimene ambiri amalakwitsa ndi njinga imene amagula koyamba.

Chofunika kuposa zonse ndi msinkhu wa felemu. Njinga wamba munthu amangokweza kapena kutsitsa chishalo basi, koma ya mpikisano imakhala ngati nsapato: ikakula kapena kuchepa, mtengo wake ngakhale dzina lake sizithandiza kanthu. Mafelemu amayezedwa m'masentimita. Munthu wamtali masentimita 160 mpaka 168 nthawi zambiri amayenera felemu ya 50 kapena 52, wa 170 mpaka 176 ya 54, ndipo wa 178 mpaka 183 ya 56, ngakhale makampani amasiyana pang'ono kayezedwe. Manambalawa ndi poyambira chabe, chifukwa thupi ndilo limagamula. Wogula aime ataika njinga pakati pa miyendo, ndipo pakhale mpata wa zala ziwiri pakati pa iye ndi chitsulo chapamwamba. Akakhala pa chishalo, pedulo ili pansi penipeni, bondo likhale lopindika pang'ono. Manja afike pa mabuleki popanda kudzikoka, zigongono zili zomasuka. Felemu yaikulu imapweteka msana ndi khosi pakangotha ola limodzi, ndipo munthu amene ali pakati pa misinkhu iwiri amachita bwino kutenga yaing'ono, poti imeneyo imatheka kuitalikitsa.

Njinga zambiri za mpikisano zimene zimapezeka mu Blantyre ndi zakaunjika, zina zobwera ndi abale ochokera ku Joni. Palibe cholakwika pamenepo, bola felemu ikhale yamoyo. Kwa woyamba, ya aluminiyamu ndiyo yoyenera: ndi yopepuka, sichita dzimbiri ndipo mtengo wake ndi wofikirika. Yachitsulo imalemererapo koma ikathyoka wowotcherera amailumikiza. Ya carbon ndi yokopa m'maso, koma yogwirapo kale ntchito ndi yoopsa, chifukwa mng'alu wake umabisala mkati ndipo imatha kuthyoka mwadzidzidzi munthu ali pa liwiro. Poyendera njinga, wogula aipukute fumbi n'kuyang'ana molumikizira zitsulo monse, makamaka kuseri kwa foloko ndi pansi pamene pamazungulira mapedulo. Penti yosweka ngati kamzere ka tsitsi ndi chizindikiro choti aisiye. Anyamule njinga n'kuzunguza gudumu kuti aone ngati limu likupepeluka, afinye masipoko awiriawiri kuti amve olefuka, kenako agwire buleki yakutsogolo n'kukankha njinga: kugogoda kwa pakhosi kumasonyeza kuti mabelingi atha.

Magiya asankhidwe poganizira malo. Kuchoka pa Kameza kulowa mumzinda wa Blantyre n'kukwera, ndipo wotsetsereka kuchoka pa Lirangwe kukafika ku mlatho wa Shire pa Zalewa amadziwa kuti pobwerera kuli ntchito, makamaka m'dzuwa la Okutobala. Njinga zakale za mpikisano zili ndi magiya olimba opangidwira akatswiri, ndipo woyamba amathera mawondo pamenepo. Zoyenera kuno ndi za mano 50 ndi 34 kutsogolo, ndi 11 mpaka 32 kapena 34 kumbuyo. Pa zida za Shimano, mtundu wa Claris uli ndi magiya 8 kumbuyo, Sora 9, Tiagra 10, ndipo 105 ili ndi 11 kapena 12. Ambiri amathamangira 105 chifukwa cha dzina, koma Claris kapena Sora ndi yokwana pa mpikisano woyamba. Tcheni chake n'chokhuthala, chimapirira fumbi, ndipo cha magiya 8 chimafanana ndi cha njinga zina za magiya zimene okonza njinga anazizolowera kale.

Nkhani ya matayala ndi imene imagwetsa ulesi anthu ambiri atagula kale. Gudumu la njinga ya mpikisano limatchedwa 700c, ndipo limu lake ndi la mamilimita 622. Njinga yakuda yachikale ili ndi limu la mamilimita 635. Onse awiri ogulitsa amawatcha 28, koma tayala la ina sililowa pa inzake, choncho wogula asapusitsidwe poona matayala ali mbwee pa msika. Valavu nayonso ndi yopyapyala, ya mtundu wa Presta, ndipo pampu ya wokonza njinga pansi pa mtengo nthawi zina siigwira popanda kachida kolumikizira, kamene ndi bwino kumayenda nako m'thumba. M'misewu ya maenje ndi m'mphepete mwa phula modyeka, tayala la mamilimita 23 limatsina chubu pafupipafupi. La 28 ndilo labwino, ndipo felemu yolola la 32 imathandiza munthu amene kwawo amayamba wadutsa msewu wafumbi asanafike pa tala.

Mabuleki ogwira pa limu ndi osavuta kukonza ndipo mphira zake n'zotchipa. A disiki amagwira bwino mvula ikamagwa, koma a mafuta amafuna mmisiri ndi zida zosowa kumudzi.

Wofuna triathlon asathamangire njinga yapadera ya masewerowo, ija ya mahandulo otambasukira kutsogolo ogonekapo mikono. Ndi yodula, ndi yovuta kuiwongolera pakati pa magalimoto, ndipo siiloledwa pa mpikisano wa mumsewu umene opalasa amayambira pamodzi. Njinga wamba ya mpikisano imagwira ntchito ziwiri zonsezi, ndipo timahandulo tomangirira tingawonjezedwe pambuyo pake pamene malamulo akulola. Kusambira kokha n'kumene kumafuna ulendo wa ku madamu osambiriramo a mu Blantyre kapena ku nyanja, chifukwa mu Shire muli ng'ona.

Ndalama zonse zisathere pa njinga. Chipewa chotetezera mutu n'chokakamiza pa mpikisano uliwonse wovomerezeka, ndipo pa msewu umene pamadutsa mathiraki ochokera ku Mwanza ndi maminibasi olimbirana anthu, chimafunika tsiku lililonse pamodzi ndi malaya owala. Pafunikanso kabudula wa siponji, machubu awiri apadera, pampu, mabotolo awiri a madzi ndi mafuta a tcheni. Nsapato zokolekera ku mapedulo zingadikire. Tcheni chimatha pakadutsa makilomita pafupifupi 3,000, ndipo m'fumbi chimatha msanga. Chikachedwa kusinthidwa chimadya mano a magiya, amene ndi odula kuposa icho.

Kwa wachinyamata wa ku Chileka kapena Lirangwe, njinga ya aluminiyamu yomukwana, ya magiya 8 kapena 9 kumbuyo, matayala a mamilimita 28 ndi mabuleki a pa limu ndi yokwanira kumufikitsa pa mzere woyambira mpikisano wake woyamba.