Chambo chimayenda ndi vinyo uti? Zimene ndinaphunzira kwa achimwene ku Franschhoek

Achimwene anga ndi weta pa lesitilanti ina ku Franschhoek, katauni kozunguliridwa ndi mapiri ndi minda ya mpesa, ulendo wa pafupifupi ola limodzi pagalimoto kuchokera ku Cape Town. Ndi iwo amene amalipira fizi ya mng'ono wanga wa Folomu 3, ndipo gawo lalikulu la ndalamazo limachokera pa kangachepe kamene alendo amasiya patebulo akakhutira. Tsono mlendo wa kumeneko sakhutira ndi chakudya chokha. Amafunsa kuti, "Nsomba imeneyi ndimwere vinyo uti?" Weta akachita chibwibwi, thumba lake limapepuka, ndipo kupepukako kumakafika mpaka kwathu ku Chilomoni.

Nditapita kukawaona mu February, nyengo yokolola mphesa, ndinawapeza akuwerenga usiku ngati mwana wa MSCE. Ankakonzekera mayeso a za vinyo kuti akwezedwe pantchito. Ine ndi kadigiri kanga ndinaseka. Ndinkati vinyo alipo wamitundu iwiri basi, wofiira ndi woyera, zina zonsezo ndi matama a anthu andalama. Sanalimbane nane. Tsiku lawo lopuma litafika anangoti, "Chemwali, vala tizipita."

Anapita nane pa famu ina yomwe imalandira alendo odzalawa. Anatiikira magalasi asanu aliyense, ndipo m'galasi lililonse anathiramo pang'ono kwambiri, mwina masipuni atatu. Pambali panali kachidebe. Ndinaganiza kuti n'kotayiramo zinyalala. Ndinamwa galasi loyamba ngati Sobo, lachiwiri chimodzimodzi, ndipo pofika lachinayi zonse zinkangokoma mofanana, mutu utayamba kale kulemera. Kachidebe kaja n'kolavuliramo. Wolawa vinyo sameza. Amamuzunguza m'kamwa kenaka n'kulavula, apo ayi lilime ndi nzeru zimagona ntchito isanathe. Manyazi anandigwira, abale, makamaka poti mayi amene ankatithirirayo anangomwetulira ngati wazolowera kuona zotere.

Achimwene anandiyambitsanso. Galasi umagwira kukamwendo kake kuti dzanja lisatenthetse vinyo. Umayang'ana mtundu, kenaka umapukusa pang'onopang'ono kuti fungo lituluke, n'kulowetsa mphuno m'galasimo mopanda manyazi. Apa ndi pamene pagona nkhani, chifukwa zambiri zimene timati kukoma zimadutsira m'mphuno. N'chifukwa chake ukadwala chimfine ngakhale nkhuku ya lokolo imangomveka ngati thonje.

"Ukumva fungo la chiyani?" anandifunsa. Ndinati la vinyo. Anati ndinunkhizenso, ndisaganize za mowa, ndiganize za kumsika. Ndinatseka maso, ndipo zoonadi, linali fungo la magwafa, aja akupsa mpaka kugwa okha. Vinyoyo anali Chenin Blanc, mtundu wa mphesa umene umalimidwa kwambiri kuposa wina uliwonse ku South Africa. Simuthiridwa magwafa ayi. Fungolo limabadwa lokha kuchokera ku mphesa ndi kuwira kwake.

Madzulo ake anandionetsa kope lawo, ndipo ndi limene linandithetsa mwano. Mabuku amene amawerenga analembedwa poganizira pakamwa pa munthu wa ku Ulaya. Amati vinyo uyu akununkhira blackcurrant, uyo gooseberry, winayo quince. Munthu wokulira ku Blantyre zipatso zimenezi anazidyera kuti? Ndiye iwo amati akalawa amalemba zimene pakamwa pawo pakukumbuka. Pa Sauvignon Blanc analemba kuti "masamba a tomato ukawafikisa, ndi magalagadeya". Pa vinyo wina wowawasa kwambiri analemba "bwemba". Pa Pinotage, mphesa imene Abraham Perold wa pa yunivesite ya Stellenbosch anaipanga mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut, analemba "jambula wakupsa, utsi wa pambaula". Akamaliza amafufuza kuti dzina la m'buku logwirizana ndi fungolo ndi liti. Akuphunzira kawiri pomwe anzawo akuphunzira kamodzi.

Chimene chimawalimbitsa mtima ndi anyamata anayi a ku Zimbabwe, Joseph Dhafana, Tinashe Nyamudoka, Marlvin Gwese ndi Pardon Taguzu, omwe anapita ku South Africa kukasaka maganyu ngati wina aliyense, n'kudzakhala akatswiri osankhira alendo vinyo m'malesitilanti otchuka a ku Cape. Mu 2017 anaimira dziko lawo pa mpikisano wa dziko lonse wolawa vinyo osaona botolo, ku Burgundy m'dziko la France. Nkhani yawo ili mu filimu yotchedwa Blind Ambition. "Awa anakulira sadza, ife nsima," anatero achimwene. "Kusiyana kwake kuli pati?"

Za kuphatikiza vinyo ndi chakudya, ndinkayembekezera malamulo ambirimbiri. Anandiuza kuti ndiiwale kaye mayina, ndimvetsere zinthu zitatu m'kamwa.

Choyamba ndi kuwawasa, kuja kotulutsa malovu. Vinyo wowawasa amachita ntchito ya ndimu. Tonse timadziwa chifukwa chake timafinyira ndimu pa chambo chokazinga: imadula mafuta, nsombayo n'kumveka bwino. Vinyo woyera wosatsekemera monga Sauvignon Blanc kapena Chenin Blanc amachita zomwezo, ndipo amapirira msuzi wa tomato, umene umapha vinyo wopanda asidi wokwanira.

Chachiwiri ndi kuuma kwa m'kamwa kumene amakutcha tannin. Mukadya nthochi yosapsa kapena kumwa tiyi wamasamba ambiri wopanda mkaka, lilime limakhakhala. Ndi zomwezo. Zimachokera ku makungu ndi njere za mphesa, n'chifukwa chake zimapezeka kwambiri mu vinyo wofiira, amene amawira pamodzi ndi makungu ake. Cabernet Sauvignon ukamumwa payekha amakuumitsa pakamwa, koma ukaluma kaye nyama yonona amafewa, poti tannin uja amakakamira ku mafuta ndi nyamayo m'malo mokakamira lilime lako. Kanyenya wa mbuzi, nyama ya ng'ombe yowotcha, apa ndi pake. Koma vinyo yemweyo ukamuika pambali pa nsomba yamafuta, m'kamwa mumamveka ngati wanyambita msomali.

Chachitatu ndi kutsekemera, ndipo apa ndi pamene ambiri timalakwa chifukwa timakonda tsabola. Mphamvu ya mowa imakolezera moto wa tsabola. Vinyo wofiira wa 14.5 peresenti pamwamba pa kambuzi kapena Nali ndi chilango. Wotsekemera pang'ono, wozizira, wamphamvu yochepa, ndiye amaziziritsa lilime. Pa keke ya ukwati lamulo n'lakuti vinyo atsekemere kuposa kekeyo, apo ayi amangomveka ngati viniga.

Tikubwerera tinadutsa pa timanyumba ta antchito a m'minda, ndipo achimwene anandiuza mbali ya nkhaniyi imene pamalo olawira paja sanaitchule. Amene ankatithirira uja anatiuza monyadira kuti vinyo woyamba ku Cape anafinyidwa pa 2 February 1659, m'nthawi ya Jan van Riebeeck, ndi kuti Franschhoek anatchedwa dzinali chifukwa cha Afalansa othawa chizunzo cha chipembedzo amene anafika mu 1688. Zonsezo n'zoona. Koma minda yoyambirirayo inalimidwa ndi akapolo, ndipo kwa zaka mazana antchito ankapatsidwa vinyo ngati gawo la malipiro, mchitidwe wotchedwa dop. Lamulo linauletsa koyambirira kwa zaka za m'ma 1960, koma unapitirira m'mafamu ena mpaka m'ma 1990. Zipsera zake zilipobe: madera a minda ya mpesa ku Western Cape ali m'gulu la malo amene ana obadwa ovulala ubongo chifukwa cha mowa umene mayi anamwa ali woyembekezera ndi ochuluka kwambiri padziko lonse. Kuyambira tsiku limenelo sindithirira mayi woyembekezera ngakhale dontho, kaya pali chisangalalo chotani, ndipo mwana wosafika zaka 18 amwe Fanta wake.

Ndinabwerera kumudzi ndi mabotolo awiri, Chenin Blanc ndi Pinotage, komanso ntchito: ndikayese ndi ndiwo zathu, ndiwatumizire zotsatira. Ndinaitana anzanga atatu Loweruka lina. Botolo ndi la mamililita 750, ndipo pothira timadontho ta kulawa limakwanira anthu oposa khumi, ndiye palibe amene anapita kwawo akudzandira. Woyerayo ndinamuziziritsa bwino. Wofiirayo ndinamuikanso m'furiji kwa mphindi 20, chifukwa mawu aja akuti vinyo wofiira amamwedwa pa kutentha kwa m'chipinda amanena chipinda cha ku Ulaya, madigiri 16 mpaka 18. Pa kutentha kwa kuno amangomveka mowa wokhawokha.

Nsima sinavute konse. Ili ngati mpunga kapena buledi, siilimbana ndi aliyense; wosankha vinyo ndi ndiwo. Chambo chokazinga ndi Chenin zinagwirizana monga analonjezera. Nkhwani wotendera ndiye anatidabwitsa: nsinjiro zili ndi mafuta, ndipo kuwawasa kwa Chenin kunkatsuka pakamwa moti nthongo iliyonse inkakoma ngati yoyamba. Pinotage ndi mbuzi yowotcha, palibe anatsutsa. Ndi usipa wouma anakanirana poyera, mnzanga wina mpaka anathamangira madzi. Thelere linagonjetsa onse awiri. Mwina ndi soda amene timaphikira, mwina ndi kuterera kwake, koma vinyo aliyense anangosanduka madzi owawa. Mnzanga wina wati ulendo wina tidzayese ndi vinyo wa zipatso wa Linga wopangidwa ku Lilongwe, kuti tione ngati wakwathu angachite bwino.

Amayi sakumwa mowa, ndipo tsiku lonselo ankangotiyang'ana chammbali, ngati akuwerengera machimo athu. Pochotsa mbale ananyamula galasi langa, mmene munatsala kadontho ka Chenin, n'kulinunkhiza kuti aone chimene chatisokoneza mitu. Anakwinya nkhope.

"Iii, zimenezi ndiye mukuti n'zodula? Si magwafa awa? Komanso muli kafungo ka masuku."

Ndinatenga galasilo n'kununkhizanso. Masukuwo analimodi, ife tonse anayi osawamva. Usiku womwewo ndinawatumizira achimwene uthenga pa WhatsApp. Anayankha 1 koloko m'bandakucha ataweruka, kuti alemba kale m'kope, ndipo ndiwafunse amayi ngati angalole kununkhizako Pinotage watsalayo mayeso asanafike mwezi wamawa.