Woyendetsa Galimoto ndi Matenda a Shuga

Tonsefe timakwera galimoto. Timakwera shapa popita ku msika. Malole amanyamula chimanga ndi mbatata zathu kuchokera ku Angónia kupita ku Tete. Tikakwera, moyo wathu umakhala m'manja mwa munthu mmodzi amene wagwira chiwongolero.

Nanga munthuyo akapezeka ndi matenda a shuga, aleke ntchito? Iyayi. Ambiri odwala shuga amayendetsa bwino kwa zaka zambiri. Koma ayenera kudziwika ku chipatala, ndipo dokotala ayenera kuvomereza.

Matenda a shuga ndi otani?

Nsima, mpunga ndi chinangwa zikalowa m'mimba zimasanduka shuga. Shugayo amalowa m'magazi. Thupi limapanga mankhwala ake otchedwa insulina, amene amachotsa shuga m'magazi ndi kumulowetsa m'minofu kuti tipeze mphamvu. Insulina ikachepa, kapena ikaleka kugwira bwino ntchito, shuga amachuluka m'magazi. Munthu amamva ludzu, amakodza pafupipafupi, amaonda ndi kutopa.

Matendawa sapatsirana, ndipo si ufiti. M'dziko lathu la Moçambique akuchuluka. Mu 2005, mwa anthu 100 a zaka 25 mpaka 64, pafupifupi 3 anali ndi shuga. Mu 2015 anali oposa 7.

Chifukwa chiyani dokotala ayenera kuvomereza?

Chiphaso choyendetsera galimoto, chimene timachitcha carta de condução, chimaperekedwa ndi INATRO. Wofuna chiphasochi amapereka kalata ya dokotala, atestado médico, yonena kuti thupi lake lili bwino. Kwa wodwala shuga, dokotala amayang'ana zinthu zitatu.

Choyamba ndi kutsika kwa shuga. Jekeseni wa insulina ndi mapiritsi a glibenclamida angathe kutsitsa shuga mopitirira, makamaka munthu akapanda kudya kapena akamwa mowa. Munthu amanjenjemera, amatuluka thukuta, amaona zinthu mwachimbuuzi, mutu umasokonezeka. Ena amakomoka. Mapiritsi a metformina paokha sachita zimenezi kawirikawiri. Nchifukwa chake dokotala amafunsa dzina la mankhwala amene timamwa.

Chachiwiri ndi maso. Shuga wochuluka kwa zaka zambiri amawononga timitsempha ta m'maso pang'onopang'ono, popanda kupweteka.

Chachitatu ndi mapazi. Shuga amachititsa dzanzi. Phazi la dzanzi silimva bwino buleki.

Tikasamuka, tisamuke ndi mapepala athu

Tiyerekeze mnzathu amene amalandira mankhwala ku chipatala cha ku Ulónguè. Anamwino akumeneko amamudziwa bwino. Wapeza ntchito yoyendetsa lole ku Moatize, ndipo wasamuka. Chiphaso chake chatha nthawi. Apita kwa dokotala watsopano kukapempha kalata, koma m'manja alibe kanthu.

Dokotala amufunsa: "Bambo, mumamwa mankhwala anji? Munayamba liti? Munakomokapo?"

Iye ayankha: "Timapiritsi toyera, adokotala. Dzina ndaiwala."

Dokotalayo sangasayine tsiku lomwelo. Sikuti akumuda. Sakumudziwa. Ayenera kuyamba kuyeza zonse, ndipo masiku akupita. Lole yaima, malipiro aima, ana akudikira ufa kunyumba.

Zimenezi tingazipewe motere:

1. Tisanasamuke, tiuze namwino wa chipatala chathu kuti tikuchoka. Tipemphe kalata yosamutsira, guia de transferência.

2. Titenge khadi lathu la chipatala, zotsatira za magazi ndi mapaketi a mankhwala. Pa paketi pali dzina la mankhwala ndi mphamvu yake.

3. Tipemphe mankhwala okwanira pa ulendo ndi masiku oyamba. Tisadumphe tsiku.

4. Tikafika, tipite msanga ku chipatala chatsopano kukalembetsa. Tisadikire kuti mankhwala athe, kapena kuti chiphaso chithe nthawi.

5. Tiyezetse maso ndi mapazi, ndipo zotsatira zilembedwe pa khadi.

6. Tikhale ndi kabuku. Tilembemo tsiku, nthawi ndi nambala ya shuga nthawi iliyonse tikayeza. Kabuku kameneka ndi mboni yathu pamaso pa dokotala.

Tinene zoona

Ena amabisa matenda poopa kutaya ntchito. Ena amafuna kugula kalata popanda kuyezedwa. Kalata yogula siletsa munthu kukomoka pa chiwongolero. Mu shapa muli amayi obereka ana kumsana, muli agogo, muli ana a sukulu. Dokotala akadziwa zoona angathe kusintha mankhwala kapena nthawi yomwera, kuti igwirizane ndi ntchito yathu. Akatiuza kuti tiyambe tapuma, tipume. Shuga akakhazikika adzatiyezanso.

Malangizo a pa msewu

Amene timabaya insulina kapena kumwa glibenclamida tikumbukire izi.

Tisanyamuke ndi njala. Tisamwe mowa.

Ngati tili ndi kamakina koyezera, tiyeze tisanalize injini. Nambala ikakhala pansi pa 90 tiyambe tadya. Ikakhala pansi pa 70 tisayendetse. Makina ena amawerenga mosiyana: pa amenewo 90 ndi 5, ndipo 70 ndi 3,9. Pa ulendo wautali tiime maola 2 alionse, tiyezenso.

Tisunge shuga kapena maswiti pafupi ndi mpando, osati m'katundu wa kumbuyo. Tikayamba kunjenjemera kapena kutuluka thukuta, tiime pambali pa msewu nthawi yomweyo ndi kuzimitsa injini. Timwe madzi osungunuliramo masipuni aang'ono 3 kapena 4 a shuga. Pakatha mphindi 15 tiyezenso. Kenaka tidye buledi kapena nthochi. Shuga akabwerera m'malo, tidikire mphindi 45 tisananyamuke, chifukwa mutu umachedwa kutsitsimuka.

Insulina imawonongeka ndi kutentha. Ku Tete dzuwa limaswa mtengo. Tisaisiye pa galasi la kutsogolo.

Tiuze wothandiza wathu wa m'galimoto za matenda athu. Adziwe kuti munthu wokomoka sitimumwetsa kanthu, chifukwa angatsamwe. Timamugoneka chammbali ndi kuthamangira naye ku chipatala.

Ife okwera tilinso ndi mbali yathu. Woyendetsa akaima kuti adye, tisamukalipire kuti akutichedwetsa. Mphindi zimenezo akuteteza moyo wathu.

Tikambirane

1. Tchulani mapepala amene wodwala shuga ayenera kutenga posamuka.

2. Kodi zizindikiro za kutsika kwa shuga ndi ziti?

3. M'mudzi mwathu, ndani amayendetsa shapa, lole, thirakitala kapena njinga yamoto? Kodi anayezetsapo shuga?