Kalulu Walowa M'buku

Mwezi wa Juni ukafika kuno ku Angónia, chisanu chimayamba dzuwa lisanalowe. Chimanga chili m'nkhokwe. Ana aunjikana pamoto, mbatata ili m'phulusa. Agogo atsokomola pang'ono, kenaka ati, "Padangokhala." Ana onse ayankha, "Tili tonse."

Tonsefe tinakula motero. Palibe amene anatiphunzitsa kusiyanitsa nthano yokoma ndi nthano yozizira. Tinkangodziwa. Ikakhala yokoma, ana amaseka mpaka kugwa chagada. Ikakhala yozizira, amayamba kusinza.

Masiku ano nthano zikupezekanso m'mabuku. Mwana amabwera ndi buku kuchokera kusukulu. Wachibale amabwera nalo kuchokera ku Tete kapena ku Dedza. Tsiku lina mudzaliona likugulitsidwa, mwana ndi kukukokani malaya. Ndalama ndi zochepa, ndipo kunyumba kukufunika mchere ndi sopo. Nanga buku labwino la nthano mudzalidziwa bwanji? Inu amene mwayamba kumene kuwerenga, musanene kuti, "Zimenezo n'za aphunzitsi." Zilembo mwazidziwa posachedwa, inde. Koma nthano munazidziwa kalekale.

Kalulu pachitsime

Tiyeni tikumbutsane nthano imodzi. Kunagwa chilala. Nyama zonse zinapangana kukumba chitsime. Kalulu anakana. Madzi atatuluka, nyama zinati Kalulu asamwe, ndipo zinaika Fisi kukhala mlonda. Kalulu anafika ndi uchi m'chikho. Anamulawitsa Fisi pang'ono. Fisi atapempha wina, Kalulu anati uchi umenewu amadya ndi munthu womangidwa yekha. Fisi anapereka manja ndi miyendo. Kalulu anamumanga ndi luzi, namwa madzi, nasamba m'chitsime momwemo, nachoka. M'mawa mwake anaika mlonda wina wamkulu kuposa Fisi. Zinachitika chimodzimodzi. Mkuja mwake, chimodzimodzinso.

Potsiriza Fulu, amene ena amati Kamba, anapempha kuti alondere iye. Nyama zinamuseka. Iye anadzipaka ulimbo pamsana, nakhala chete m'mphepete mwa madzi ngati mwala. Kalulu anaponda, phazi linamatirira. Anamenya ndi dzanja, dzanja linamatirira. Anamenya ndi linalo, nalonso linamatirira.

Mudzi uliwonse uli ndi kanenedwe kake ka nthano iyi. Koma taganizani bwino. Kodi ana amaseka pati?

Amaseka pamene Fisi akupereka manja kuti amangidwe. Ana adziwa kale kuti wapusitsidwa, koma mwini wake sakudziwa. Amasekanso kwambiri pa mlonda wachiwiri ndi wachitatu, chifukwa tsopano njira akuidziwa, ndipo akuthamanga patsogolo pa wonena nthano. Pali chinanso. Mwana ndi wamng'ono pakhomo pa anthu akuluakulu. Tsiku lonse amatumidwa ndi kudzudzulidwa. Akaona kanyama kakang'ono kakugonjetsa Mkango ndi Njovu, mtima wake umakondwa. Ndipo Fulu akamugwira Kalulu, mwana amaona kuti wochenjera naye ali ndi womuposa.

Buku labwino limasunga zonsezi. Makamaka limasunga kubwereza. Olemba ena amadula mlonda wachiwiri ndi wachitatu pofuna kusunga mapepala. Amangolemba kuti Kalulu anapusitsa nyama zambiri. Nkhani yatha msanga, koma chosekera palibe. Ili ngati nsima yopanda ndiwo.

Kubwereza kumathandizanso munthu wophunzira kuwerenga, mwana kapena wamkulu. Pa tsamba loyamba mawu akuti chitsime muwawerenga movutikira: chi, tsi, me. Pa tsamba lachiwiri abweranso. Pofika pa tsamba lachinayi maso awazindikira okha, monga muzindikira mnansi ali patali. Mwana amene akufuna kudziwa zimene zimuchitikire Mkango sadikira kuuzidwa kuti awerenge. Amatembenuza tsamba yekha.

Kodi Kalulu saononga ana?

Makolo ena amada nkhawa. Amati Kalulu ndi wabodza, waulesi ndi wakuba, nanga mwana aphunzirapo chiyani? Olemba enanso ali ndi mantha omwewo. Motero amamusandutsa Kalulu kukhala kanyama kofatsa, kapena amaimitsa nkhani pakati ndi kuyamba kulalikira. Ife tikuti buku lotero lalakwitsa. Mufunseni mwana wa zaka zisanu ndi ziwiri kuti, "Kodi Kalulu ungamusiyire nkhuku zako?" Adzakana msangamsanga. Akudziwa bwino kuti Kalulu ndani. Kumuseka si kumutsanzira.

Buku loyenera kulikana ndi lina. Ndi limene limaseketsa ana ponyoza wolumala, wosaona, munthu wa khungu lachialubino, kapena mayankhulidwe a mtundu wina. Kuseka Fisi chifukwa cha dyera lake kulibe vuto, pakuti dyera munthu angathe kulisiya. Koma mwana akazolowera kuseka chilema m'buku, mawa adzaseka mnzake kusukulu.

Nthano za kutali

Kalulu si wa kuno kokha. Anthu a mu Africa amene anatengedwa ukapolo kupita ku America anapita ndi nthano zawo m'mutu. M'chaka cha 1880 mzungu wina wa ku Georgia, dzina lake Joel Chandler Harris, anatulutsa buku la nthano zimene anamva kwa anthu akuda a kumeneko. Kalulu wa m'bukumo amatchedwa Brer Rabbit. Mu nthano yake yodziwika koposa, Nkhandwe imaumba chidole cha phula ndi kuchiika m'njira. Kalulu achilonjera, chidole sichiyankha. Achimenya, dzanja limatirira. Achimenyanso, linalo limatirira. Mwaizindikira? Ndi m'bale wake wa nthano ya ulimbo ija. Buku linatchuka, ndipo dzina limene linatchuka nalo ndi la wolemba, osati la anthu amene anamuuza.

Azungu nawonso nthano zawo zinayambira pakamwa. Ku Germany, abale awiri, Jacob ndi Wilhelm Grimm, anasonkhanitsa nthano za kwawo ndi kuzisindikiza m'chaka cha 1812. Mu 1819 anawonjezamo ina imene m'Chipwitikizi imatchedwa Os Músicos de Bremen. Bulu, galu, mphaka ndi tambala anakalamba, ndipo eni ake sanawafunenso. Ananyamuka ulendo wa ku mzinda wa Bremen kuti akakhale oimba. Usiku anapeza nyumba ya akuba. Galu anakwera pa bulu, mphaka pa galu, tambala pa mphaka, ndipo onse analira nthawi imodzi. Akuba anathawa poyesa kuti ndi mzukwa. Nyamazo zinadya, zinagona, ndipo ku Bremen sizinafikeko konse.

Nthano imeneyi mwana wa ku Dómuè kapena ku Tsangano aimva popanda vuto. Nyama zonse zinayi amaziona tsiku ndi tsiku. Ili ndi ulendo, ili ndi choopsa, ndipo ofooka apulumuka ndi nzeru zawo. Nthano ya ulendo imakoma motero. Koma ngati pa vuto lililonse pangotulukira munthu wamatsenga kudzapulumutsa, mwana amatopa nayo.

Nthano zina za ku Ulaya zili ndi nyama ndi zinthu zimene kuno kulibe. Musalitaye buku chifukwa cha chimenecho. Mukapeza chilombo chotchedwa lobo, muuzeni mwana kuti ndi chinyama chonga galu wamkulu wa kutchire, cha dyera ngati Fisi. Akwanira.

Mabuku a m'chilankhulo chathu

Kwa zaka zambiri sukulu za m'dziko muno zinkaphunzitsa m'Chipwitikizi chokha. Kuyambira 1993 mpaka 1997 boma linayesa kuphunzitsa ana m'zilankhulo ziwiri: Chinyanja ndi Chipwitikizi m'chigawo chathu cha Tete, Chichangana ndi Chipwitikizi ku Gaza. Kuchokera mu 2003 maphunziro otere anayamba kufalikira m'zigawo zina. Komabe mabuku a nthano m'chilankhulo chathu ndi ochepa. Ambiri amene mudzawaone ndi a m'Chipwitikizi, kapena ochokera ku Malawi.

Apa pali chinthu chimene chimadabwitsa ophunzira. Buku la ku Malawi limalemba chimanga, monga talembera muno. Buku la sukulu la ku Mozambique kapena la ku Zambia limalemba cimanga. Musaganize kuti wina walakwa, kapena kuti inu mwaiwala zilembo. Mawu ndi amodzi, katchulidwe ndi kamodzi.

Dziwaninso kuti si buku lililonse la nthano limene lili la mwana wamng'ono. Ku Malawi kuli buku lotchuka la John Gwengwe lotchedwa Sikusinja ndi Gwenembe, la m'zaka za m'ma 1960. Ndi nkhani ya munthu amene anapha m'bale wake pa ulendo, mbalame ndi kumuulula ndi nyimbo. Chichewa chake n'chokoma. Koma ndi nkhani ya imfa ndi nsanje, si yoseketsa. Iyenera mwana wosinkhuka, ndi inu akuluakulu.

Kwathu kuno, Mia Couto wa ku Beira analemba kabuku ka ana kotchedwa O Gato e o Escuro, kamene kanatuluka mu 2001. Ndi nkhani ya kamwana ka mphaka kamene sikanamvere mayi ake, kanalowa mumdima, ndipo kanada. Ndi kabuku kabwino kwa mwana woopa usiku. Koma wolembayu amakonda kusewera ndi mawu a Chipwitikizi, mpaka kupanga ena atsopano. Kwa munthu amene wayamba kumene chilankhulochi, ndi bwino kukawerenga pamodzi ndi wina wodziwa.

Yesani ndi pakamwa

Mbewu ya mbatata simugula osaitembenuza m'manja. Buku nalonso musagule chifukwa cha chikuto chowala. Tsegulani tsamba loyamba, muwerenge mokweza, ngakhale pang'onopang'ono. Mvetserani. Kodi anthu a m'nkhaniyo akuyankhula ngati anthu? Kodi pofika pansi pa tsamba chinthu chachitika? Pa mawu aliwonse amene simukuwadziwa pindani chala. Zala za dzanja limodzi zikatha tsamba lisanathe, buku limenelo lidikire chaka chamawa. Onaninso zilembo ngati zili zazikulu bwino, pakuti kawirikawiri mudzawerenga madzulo, kuwala kuli kochepa. Zithunzi zithandize nkhani. Chithunzi chabwino chimaonetsa nkhope ya Fisi ali womangidwa, mwana ndi kuseka asanawerenge n'komwe.

Tsopano pali chinthu chimene buku lililonse, ngakhale labwino koposa, silingathe kunyamula. Pepala siliimba. Silisintha mawu kuti likhale Njovu apa, Kalulu apo. Silidikira kuti ana ayankhe. Wolemba akhoza kulemba mawu a nyimbo, koma maimbidwe ake sakhala papepala. Zimenezi muyenera kubwezeramo ndinu.

Chitani motere. Werengani nthanoyo nokha masana, kawiri kapena katatu, kufikira mawu ovuta atafewa. Madzulo itanani ana. Yambani monga ankayambira agogo, ngakhale m'buku sanalembe choncho, ndipo ana ayankhe. Pa mawu a Fisi nenepetsani mawu. Pa mawu a Kalulu achepetseni. Mukafika pa nyimbo, ikani buku pamwendo, muimbe monga mudziwira kwanu. Musanatembenuze tsamba, funsani kuti, "Nanga tsopano achita chiyani?" Ngati buku lili m'Chipwitikizi, werengani ndime imodzi, kenaka muifotokoze m'chilankhulo chathu.

Mudzakakamira pa mawu ena. Mwina mwana wanu wa kalasi yachitatu adzakuthandizani. Mulekeni akuthandizeni, palibe chamanyazi. Usiku wotsatira mumupatse buku kuti awerenge iye, inu muziyankha. Mwina agogo adzati, "Ayi, si mmene imathera nthano imeneyo." Apatseni mpata anene mathero awo, ana asankhe okoma. Ndipo ngati nthano ya agogoyo simunaione m'buku lililonse, tengani kope ndi pensulo, muilembe, ndi dzina lawo pamwamba.

Buku likatha, wolemba amangoika kadontho. Inu tsekani chikuto, munene kuti, "Kaphuleni mbatata." Ana adziwa choyankha.