Gulugufe Wofanana ndi Tsamba Louma

M'nkhalango za ku India ndi za maiko a kum'mawa kwake, kufikira ku Japan, mumakhala gulugufe amene akatswiri a zamoyo amamutcha Kallima inachus. Pouluka ngwokongola ndithu: pamwamba pa mapiko ake mpobiriwira ngati thambo, pali mzere wachikasu chofiirira, ndipo nsonga zake nzakuda. Akatambasula mapikowo amafika mamilimita 85 mpaka 110. Cholengedwa choonekera patali chotere chikadakhala ndiwo ya mbalame tsiku ndi tsiku. Nanga chimapulumuka bwanji?

Chinsinsi chili kunsi kwa mapiko. Akatera pa nthambi napinda mapiko ake, kukongola konse kuja kumabisika, ndipo chotsala ndi tsamba louma. Mzere wakuda umapita pakati monga msempha waukulu wa tsamba, pamene timizere tina timaloza m'mbali. Kamchira ka phiko lam'mbuyo kamakhudza nthambi ngati pogwirira tsamba. Palinso timadontho tonga chuku chomera pa masamba oola.

Alfred Russel Wallace, m'buku lake The Malay Archipelago la 1869, anasimba za mbale wake wa gulugufeyu, amene anamuona pa chilumba cha Sumatra. Kangapo konse anam'thamangira, koma akangolowa pachitsamba amazimiririka. Anam'peza pokhapo pamene anapenyetsetsa malo enieni amene anatera.

Tsono pano mpofunika kusamala pophunzitsa. Ana adzaganiza kuti gulugufeyu amasintha khungu monga bilimankhwe. Iai, amatuluka m'chikwa ali wotero. Kwa mibadwo yosawerengeka mbalame zinali kudya agulugufe ooneka msanga. Ofanana kwambiri ndi tsamba ndiwo anatsala nabala ana owafanana. Ndiponso maonekedwe okha sakwanira: ayenera kutera pakati pa masamba ouma ndi kukhala duu, pakuti tsamba loyenda lokha mbalame singalileke.

Inu aphunzitsi a mawa, musangowauza ana zimenezi. Dulani timapepala 20 toyera ndi 20 tofiirira, mutimwaze pa masamba ouma pansi pa mtengo. Anawo akhale mbalame, atole kwa mphindi imodzi. Pambuyo pake awerenge timene atola, ndipo afotokoze okha chifukwa chake tofiirira tambiri tatsala pansi.